Gerwyn Price: kuchoka pa rugby kufika pa dabulo 5 ya ku Ally Pally

Gerwyn Price, mwana wa ku Markham m'dera la Caerphilly ku Wales, anabadwa mu 1985 ndipo asanagwire mivi ya darts (masewera oponya timivi pa bolodi) anali hooker, wosewera wa mzere wakutsogolo pa rugby, m'matimu a Neath ndi Cross Keys. Analowa m'bungwe la PDC (Professional Darts Corporation), lomwe limayendetsa mipikisano ya akatswiri a darts, mu Januwale 2014 kudzera ku Q-School, mpikisano wa masiku ochepa womwe opambana amapatsidwa khadi losewerera zaka ziwiri. Khadilo si lamuyaya ayi. Mndandanda wa PDC umawerengedwa potengera ndalama zomwe wapata pa zaka ziwiri zapitazo, ndipo ukagwa kunja kwa anthu 64 apamwamba khadi likatha, umabwerera kukayambiranso.

Kuti mumvetse masewera a Price, yambani ndi bolodi. Pakati pake pamakhala mamita 1.73 kuchokera pansi, woponya amaima mamita 2.37 kuchokera pabolodipo. Aliyense amayamba ndi mapointi 501 n'kumachotsera zomwe wagoletsa mpaka afike pa ziro, ndipo muvi womaliza uyenera kugwera mu dabulo, kampata ka kunja kamene kamachulukitsa nambala kawiri, ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 8 okha. Kugoletsa 180 ndi mivi itatu kumasangalatsa owonera, koma ndalama zili m'kampatako.

Apa ndiye pali nkhani. Price amakonda dabulo 20, ya pamwamba penipeni. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti imatha msanga: ukatsala ndi 40 muvi n'kugwera m'kati, watsala ndi 20, ndiye dabulo 10. Ukaphonyanso chimodzimodzi, dabulo 5. Ukagweranso m'kati, watsala ndi 5, nambala yosagawika pawiri, moti uyenera kutaya muvi pa 1 kuti upeze dabulo 2. N'chifukwa chake ambiri amasankha 32: dabulo 16, kenako 8, 4, 2, 1, osataya muvi. Woyamba kumene aphunzire njira ya 16. Ya 20 imafuna dzanja losanjenjemera.

Dzanjalo linanjenjemera pa 3 Januwale 2021 ku Alexandra Palace (Ally Pally) ku London, mu fainolo ya dziko lonse yolimbana ndi Gary Anderson. Price anali patsogolo kwambiri, koma anaphonya mivi 11 yoti amalizire nayo mpikisano, mpaka wa 12 unalowa mu dabulo 5. Anapambana maseti 7 kwa 3, natenga mapaundi 500,000 ndi kukwera pa nambala wani. Muholomo munalibe owonera chifukwa cha Covid, ndipo ambiri amati zimenezi zinamukomera.

Sikuti amanena zopanda pake. Price amakuwa akagoletsa, ngati akadali pabwalo la rugby, ndipo chikhamu cha ku England chinamuda kuyambira fainolo ya Grand Slam ya 2018, pomwe anagonjetsa Anderson yemweyo 16 kwa 13 atakangana pa siteji. Analipitsidwa mapaundi 21,500, ngakhale atachita apilo anamuchepetserako. Anthu amaimba mluzu iye akuloza dabulo, nthawi yomwe mkono ukufuna bata, muvi n'kuchoka mochedwa kapena mofulumira pang'ono chabe, koma pa mamilimita 8 pang'onopo ndi pokwanira. Pa 1 Januwale 2023 anafika povala zotsekera m'makutu posewera ndi Gabriel Clemens. Sizinathandize, anagonja 5 kwa 1.

Grand Slam anaitenganso mu 2019 ndi 2021, World Cup kawiri limodzi ndi Jonny Clayton mu 2020 ndi 2023. World Grand Prix ya 2020 ndi yoyenera kuitchula payokha, poti kumeneko umayamba ndi dabulo n'kumalizanso ndi dabulo. Ukalephera kulowa, mnzako amathawa iwe uli pa 501. Ndipo ku Belfast mu Febuluwale 2022, mu Premier League ya darts, anamaliza 501 ndi mivi 9 yokha kawiri usiku umodzi.