Paipi itaphulika kupitirira Nchalo, ndinakhala woweruza mlandu wa makilogalamu 37

Amene mukuganiza zotsikira ku Chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, nyamukani ku Blantyre kusanache. Ine sizinatheke, chifukwa sitolo yomwe ndinalipira simenti dzulo lake inatsegula nthawi yomwe eni ake anafuna, pomwe amalume ankadikira matumbawo ku Bangula kuti amalizitse chiliza cha agogo. Potsetsereka phiri kulowera pa Thabwa ikani giya yaing'ono, musadalire mabuleki okha. Fungo la mabuleki a malole m'makona amenewo lidzakuuzani chifukwa chake. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, imani pa Dyeratu mudye mbuzi yootcha. Ya K5,000 inandikwana, ngakhale nthuli zake zikunka zichepa chaka ndi chaka.

Nditadutsa Nchalo, minda ya nzimbe itatsala m'mbuyo, ndinangoona nthunzi kuti tolo pa boneti. Ndinaima pambali, dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwa kumeneko musakuyerekeze ndi kwa ku Lunzu kapena ku Liwonde. Ngakhale mphepo ikawomba imabwera yotentha. Sipanatenge nthawi, mayi wina wochokera kumjigo anatula ndowa yake pafupi ndi tayala, nati, "Pepani bambo, yambani mwamwa inu, galimoto pambuyo." Ndalama anakana. Mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto anati akudziwa makaniko, ndipo anabwerera nawo awiri: bambo wa imvi za apo ndi apo, ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, atanyamula thumba la masipanala.

Anangosuzumira kamodzi. Paipi yapamwamba ya ladiyeta inali itang'ambika, yatha ndi ukalamba. Anamutuma wa kabaza uja ku Nchalo kukasaka ina, ife n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu. Anandichenjezanso kuti madzi a mijigo yambiri ya kuno ndi amchere, choncho ndikabwerera kumtunda ndikawataye, nditsuke ladiyeta. Langizo limeneli lisungeni.

Nkhani inayamba atasuzumira kumbuyo ndi kuona simenti.

"Achimwene, ndani wakupangani BoP? Anzanu a Toyota anawasenzetsa makilogalamu 37 okha, osakwana n'thumba limodzi lomwe la simenti, koma analira dziko lonse linamva."

Mphwawo anaseka mpaka kugwetsa sipanala. Ine ndinangoti kakasi.

Bamboyu anagwirapo ntchito pagalaja ina ku Joni, ndipo mu 2019 anakaonera mpikisano wa maola 9 pa Kyalami, umene mvula yamkuntho inausokoneza chakumapeto, Porsche n'kupambana. Chomwe chinamudabwitsa tsiku limenelo, akuti, n'kuona Bentley, chigalimoto chachikulu chonchija, ikuthamanga mphuno ndi mphuno ndi Porsche yomwe injini yake ili kumbuyo, Audi ya injini pakati ndi Mercedes ya injini kutsogolo. Monga makaniko anadziwa kuti zimenezo sizingachitike zokha. Oyendetsa mpikisano ndiwo amazilinganiza, ndipo lamulo lake amalitcha Balance of Performance, mwachidule BoP. Galimoto yomwe yaonetsa liwiro loposa zinzake amaimangirira zitsulo kuti ilemere, kapena kuichepetsera mpweya wolowa mu injini, kapena kutsitsa mphamvu ya turbo, ngakhale kuchepetsa mafuta omwe ingamwe isanaime. Yofooka amaipeputsa. Gulu la galimoto la GT3, lomwe Stéphane Ratel analiyambitsa mu 2006, laima pa lamulo limeneli kuyambira pachiyambi.

"Ndiye kuti wakhama amalangidwa?" ndinafunsa.

"Mwamva msanga, achimwene. Uyu zaka zonsezi sakumva."

Mlandu wawo ndi wa Le Mans ya 2023, ku France, pomwe mpikisano wa maola 24 umenewu unkakwanitsa zaka 100. Toyota inali itapambana kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo inali itapambananso mipikisano yoyambirira ya chaka chimenecho. Kutatsala masiku ochepa, a FIA ndi ACO, eni mpikisano, anasintha manambala: Toyota makilogalamu 37, Ferrari 24, Cadillac 11, Porsche 3. Ferrari 499P inapambana, koyamba chipambanire mu 1965, Toyota ikubwera pambuyo ndi mphindi imodzi ndi masekondi pang'ono. Kwa bamboyu nkhani ndi yachidule: anafuna chithunzi chokongola cha galimoto yofiira pa chikondwerero chawo, n'kuchipeza. Bwalolo ndi la makilomita 13.6, ndipo opambana analizungulira ka 342. Kulemera kulikonse, akuti, kumadya matayala ndi mabuleki pa kona iliyonse, usiku wonse mpaka kucha.

Mphwawo sanalole. "Malume, mukuiwala dala. Ferrari nayo anaisenzetsa, kusiyana kwake ndi 13 basi. Ndipo dalaivala wanu Hirakawa anatsetsereka yekha pa kona ya Arnage kutatsala maola osakwana awiri. Amenewo ndi a ACO?" Anapitiriza kuti zikho zisanu zomwe amalume akewo amanyadira zinabwera Audi itachoka kumapeto kwa 2016, Porsche n'kutsatira mu 2017, Toyota n'kutsala ikuthamangitsana ndi matimu ang'onoang'ono. Makampani anathawa chifukwa ndalama zake zinafika posayenera. Kenako anabwerera, Porsche, Peugeot, Cadillac, BMW, Alpine, Aston Martin, chifukwa ankadziwa kuti sangamenyedwe ndi chikwama cha mnzawo chokha. Mnyamatayu amasapota Ferrari, komanso amatsatira Sheldon van der Linde wa ku South Africa, yemwe amayendetsa BMW. Bandulo yake yambiri imathera pa YouTube, ndipo netiweki ya pamalo amene tinakhalapo inali yoti ukweze foni m'mwamba kuti ugwire kadontho kamodzi.

Apa wa kabaza anafika ndi paipi yolakwika, n'kubwereranso. Mayi uja anatitumizira mwana ndi thobwa m'chigubu. Takhuta, mayi, kulikonse muliko.

Ine ndinaweruza kuti mnyamatayo walondola pa chinthu chachikulu. Popanda kulinganiza, mpikisano umasanduka wa amene ali ndi ndalama zambiri, ndipo oonera amatopa. Koma amalume ake nawo ali ndi mfundo yomwe sinandichoke m'mutu ulendo wonse. Lamuloli limaphunzitsa anthu chinyengo. Ngati ukudziwa kuti ukathamanga kwambiri poyeserera akulemetsa, umabisa liwiro mpaka tsiku lenileni. Mu 2016 Ford inanenedwa zomwezi: galimoto zake za GT sizinkaoneka zoopsa m'mipikisano yoyambirira, kenako pa Le Mans zinangotulukira ndi liwiro lodabwitsa. Anaziwonjezera kulemera ndi kuzichepetsera turbo mpikisano usanayambe, komabe zinapambana m'gulu lawo, patatha zaka 50 Ford itapambana koyamba mu 1966. Masiku ano galimoto za gulu lapamwamba la Hypercar zimakhala ndi timakina pa mashafiti oyendetsa matayala toyeza mphamvu yeniyeni yomwe ikutuluka, kuti bodza lichepe. Koma phazi la dalaivala palibe angaliyeze bwino ngati mwini wake wasankha kuponda mwaulesi.

Chomwe chimandinyansa ine si zitsulozo ayi. Nkhanga zinapangana kusanache. Chaka cha 2023 matimu anauzidwa kuti kusintha kotere sikuchitika Le Mans isanafike, anthu n'kukonzekera motero, kenako n'kusintha mpikisano uli pakhomo. Pamwamba pa apo, malamulo a mpikisano wa dziko lonse wa WEC amaletsa madalaivala ndi akuluakulu a matimu kulankhula pagulu zofuna kukopa BoP, ndipo wolankhula akhoza kulangidwa. Kukusenzetsa katundu n'kukutsekanso pakamwa! Ife Amalawi khalidwe limeneli timalidziwa, sitifunika kupita ku France kuti tikalione. Woweruza amene ali ndi chilungamo amaonetsa masamu ake poyera, n'kulola wodandaula adandaule. Akapanda kutero, ngakhale atalondola, wopambana chikho chake chimakhala ndi funso, ndipo madalaivala atatu omwe anasinthana chiwongolero usiku wonse osagona amaiwalika, anthu n'kumangokamba za makilogalamu.

Paipi yoyenera inafika dzuwa litapendeka. Inali ya K18,000, yakale koma yolimba, ndipo wa kabaza anatenga K8,000 ya maulendo ake onse. Bamboyu anaimanga, kuthira madzi, n'kudikira kuti fani izungulire asanandilole kupita. Ntchito yake anati ndingopereka yomwe ndili nayo, yomwe ndi njira yochenjera yokupangitsa kupereka yambiri. Anandiuza kuti ndithire mafuta pa Ngabu ngati alipo, ndisayembekezere kutsogolo, komanso kuti kukada ndisamale ngolo ndi njinga zopanda magetsi, ndi ng'ombe zomwe zimagona pa tala.

Ndikuliza injini, mnyamata uja anasuzumira pawindo. "Bwana, muwafunse za 2024 ndi 2025. Ferrari yomweyo, katatu motsatizana. Paja mu 2025 anali Kubica, pa galimoto yachikasu."

"Ndiye bwanji iyoyo saisenzetsa thumba la simenti?" anakuwa amalume ake, akupukuta girisi m'manja. "Achimwene, tisiyireni limodzi tiwatumizire!"

Simenti yonse inafika ku Bangula usiku. Amalume anga anayamba awerenga matumba asanandifunse za ulendo.