Mmene ndimafulira uchi njuchi osasamuka

Ming'oma yanga ili kunja kwa mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota, chakufupi ndi mtsinje wa Bua. Nkhalangoyi yakhala m'manja mwa bungwe losamalira nkhalango la African Parks kuyambira 2015, ndipo mpandawo umatchinga njovu koma njuchi zimangodutsa pamwamba kukafuna maluwa a mombo, ngakhale pa mtunda wa makilomita atatu. Ming'omayi ndi ija ya timitengo topingasa pamwamba, yomwe alangizi amaitcha Kenya top bar.

Ndisanatsegule mng'oma ndimayamba ndazonda pakhomo pake. Njuchi zikamalowa zitasenza mungu m'miyendo yakumbuyo, ndiye kuti mkatimo muli ana, chifukwa mungu ndiwo chakudya chawo. Madzulo kukamamveka fungo la uchi, zina zitandanda pakhomo n'kumakupiza mapiko, ndiye kuti zikuumitsa timadzi ta m'maluwa. Uchi kuti usasase, madzi ake ayenera kutsika kufika pa 20 peresenti kapena kucheperapo, ndipo ukapsa chonchi njuchi zimamata timabowo tonse ndi phula. Kwa ine zimenezi zimachitika cha mu Novembala mombo ukatha maluwa, komanso cha mu Juni.

Tsiku lofula ndimanyamuka dzuwa litapendeka, anthu ataweruka kumunda, mbuzi zitalowa m'khola. Njuchi zathu zino sizichedwa kulusa ndipo zimapirikitsa munthu mtunda wautali. Ndimavala ovolosi yoyera, chipewa cha neti, magolovesi ndi jombo, osadzola mafuta onunkhira. Mng'ono wanga amanyamula ndowa yovindikira ndi chofukizira chomwe timaikamo zitsononkho.

Utsi uyenera kukhala wozizira, wopanda malawi. Njuchi ikaluma imasiya mbola pamodzi ndi fungo loitana zinzake, ndipo utsi umaphimba fungolo. Komanso zikamva utsi zimathamangira kukamwa uchi, zikakhuta zimafatsa. Ndimafukiza pakhomo pang'ono, n'kudikira kamphindi. Ikandiluma ndimapala mbolayo ndi mpeni, osaifinya, kenako ndimafukiza pamalo polumidwapo.

Ndimaima kumbuyo kwa mng'oma, osati panjira pawo. Ndikavundukula, ndimagogoda timitengo kuchokera kumapeto: pomwe pakulira mopepuka palibe malesa, pomwe pakulira mogonthera ndiye poyambira. Kamtengo kalikonse n'kotambalala mamilimita 32 kuti pakhale lesa limodzi basi. Ndimanyamula kamodzikamodzi, lesa lili cholendewera, chifukwa ndi kutentha kwa kuno kunyanja ukalipendeketsa limathyoka. Lomatidwa bwino ndimasesa njuchi zake ndi nthenga, n'kulidulira mu ndowa, koma ndimasiya kachidutswa kopyapyala pakamtengopo kuti zikamamanganso zitsatire mzere womwewo. Losamatidwa ndimabwezera.

Ndikangoona mungu wodinidwa m'timabowo ndimadziwa kuti ndafika pachipinda cha ana, ndipo mpeni ndimauika pansi. Apa ndi pomwe pamandigwira mtima nthawi zonse. Pansi pa kabowo kalikonse pamaima kadzira koyera konga kambewu ka mpunga, koma kochepa kwambiri. Pakatha masiku atatu kamaswa mphutsi, ndipo pakamakwana pafupifupi masabata atatu chiikire dziralo, njuchi imaboola chivindikiro n'kutuluka. Siithamangira kumaluwa ayi. Imayamba ndi kuyeretsa timabowo, kenako kudyetsa ana, kumanga malesa, kulondera pakhomo, ndipo ntchito yakunja imabwera pomaliza, pa moyo wa masabata asanu ndi limodzi okha nthawi ya maluwa. Nthawi zina pamalesa pomwepo mumaona imodzi ikuthamanga ikugwedeza thupi, zinzake zikuilondola: ikuziuza mbali ndi mtunda komwe yapeza maluwa. Katswiri wa sayansi Karl von Frisch ndiye anamasulira kavinidwe kameneka, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1973.

Koma sindichedwapo. Njuchi zimasunga malo a anawa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, ndiye kuwasiya pamphepo n'kuwapha. Mng'ono wanga amakonda kundikumbutsa kuti, "Achimwene, tsekani, zayamba kulira mokweza." Amanena zoona: phokoso likasintha, utsi watha mphamvu.

Malesa awiri kapena atatu a uchi oyandikana ndi ana ndimawasiya. Kafulidwe kakale ka muuni wa udzu, kotentha njuchi n'kukokolola zonse ndi ana omwe, sindigwirizana nako m'pang'ono pomwe. Njuchi zathu zikasowa chakudya kapena zikasautsidwa sizilimbikira, zimangosamuka gulu lonse, ndipo muuni womwewo ndi umene umayatsa tchire. Ndisanachoke ndimabwezera timitengo mothinana, ndimapaka girizi pa waya wokolekera mng'oma kuti linthumbu lisakwere, ndipo ndimaona ngati wayayo ngolimba chifukwa chiuli sichisewera. Nyengo yotentha ndimadzazanso beseni la madzi lomwe ndinaikamo timitengo toti zizitera, popeza madzi ndi amene zimaziziritsira mng'oma.

Kunyumba ndimaphwanya malesa m'chipinda chotseka bwino, n'kuwasiya akhe okha pa nsalu yoyera usiku wonse. Uchi sindiuika pamoto, umada ndi kutaya fungo. Zotsalira ndimazisungunula m'madzi otentha, phula n'kuyandama pamwamba. Lina ndimagulitsa, lina ndimapaka pa timitengo ta ming'oma yopanda kanthu, chifukwa gulu la njuchi lofuna pokhala limakopeka ndi fungo la phula.