Nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi

Loweruka lapitali ndinadzuka m'mamawa n'kukwera minibasi ya ku Dedza kupita ku Lilongwe, nditatenga mwana wa mchemwali wanga, Sitandade 6. Anandikakamiza kwa miyezi iwiri kuti akaone ngaka, chifukwa aphunzitsi awo anawauza kuti nyama imeneyi ikutha. Titatsika pa depoti tinakwera ina yolowera ku City Centre, n'kutsikira pafupi ndi Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zakutchire.

Msewu wa Kenyatta sindinauzindikire. Watambalala, magalimoto akuyenda bwino, ndipo zimenezo sindingakane, poti ndikukumbukira mmene tinkaphikira m'minibasi pa mzere wa magalimoto pamenepa. Koma mitengo ikuluikulu ija inkatipatsa mthunzi anaigwetsa mu 2021. Dzuwa linali kuswa mtengo, mtengo wake kulibe.

Kungolowa pachipata, mphepo inasintha. Kanjira kamadutsa pansi pa mitengo mpaka kumtsinje wa Lingadzi. Apusi ankadumphadumpha pamwamba pathu, gwape mmodzi anaima kutiyang'ana kenaka n'kulowa patchire. Phokoso la mahutala limamveka chapatali ngati lili m'boma lina. Tinakhala pansi nthawi yaitali, osayankhula, kumangomvera madzi.

Ngaka sitinaione. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo anatiuza kuti ngaka zolandidwa kwa ozembetsa sazionetsa kwa alendo, chifukwa ndi nyama yamantha, imadwala msanga ikasokonezedwa. Mwana uja anakhumudwa.

"Amalume, ndiye tabwereranji?"

Bambo aja anagwada kuti alingane naye msinkhu. "Iwe mwanawe, ngaka imabereka mwana mmodzi basi. Imadya nyerere ndi chiswe. Ikaopa imadzipinda ngati nkhata, munthu n'kungoitola. Ukufuna tiionjezere mantha?" Mwana uja anapukusa mutu.

Ine maganizo anga anapita pa lamulo. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndipo wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Kale anthu otere ankangolipira kachindapusa n'kubwerera kutchire. Chipembere chinatheratu m'dziko muno, mpaka tinachita kukatenga china ku South Africa kudzaika ku Liwonde mu 1993. Tikudziwa kuwawa kwa kutaya.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawu amene ndikuwamva kawirikawiri masiku ano, akuti malamulo a zachilengedwe akuchedwetsa chitukuko. Ku America ali ndi lamulo loteteza zamoyo zomwe zili pafupi kutha kuyambira 1973, lomwe linathandiza kupulumutsa chiwombankhanga chimene chili chizindikiro cha dziko lawo. Mu 2025 boma lakumeneko linabweretsa ganizo lakuti kuwononga malo amene nyama imakhala kusamawerengedwenso ngati kuivulaza. Ndiye kuti kutchera msampha ndi mlandu, koma kugumula chulu chonse ndi thirakitala ayi. Kodi ngaka yopanda chulu ingadye chiyani? Maganizo otere sachedwa kuwoloka nyanja, ndipo ndikuopa tsiku limene wina adzaima pano n'kunena kuti kafukufuku wa mmene ntchito ikhudzire chilengedwe ndi kutaya nthawi.

Misewu timaifuna, magetsi timawafuna, achinyamata akufuna ntchito. Koma madzi a m'mipopi ya mu mzinda wa Lilongwe amachokera ku Dzalanyama, kumene makala akumeta phiri tsiku ndi tsiku. Nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre, malo amene aliyense wa ndalama angawasirire. Chikuisunga si mpanda wa waya, ndi lamulo.

Pobwerera tinagula chimanga chootcha pa depoti. Minibasi itadutsa Nathenje, mwana uja anadzipinda pampando, mutu pamaondo, n'kunena chapansipansi, "Amalume, ine ndine ngaka, musandigwire." Anagona choncho mpaka pa Linthipe.