Medicaid ku America: zimatengera chigawo chomwe ukukhala

Abale anga, nkhani iyi imandiwawa mumtima. Ku America, anthu awiri osauka mofanana, wina ku North Carolina wina ku Texas: woyambayo amakaonana ndi dokotala Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, n'kumulipirira, mnzakeyo amangopirira ululu kunyumba poopa bilu ya kuchipatala.

Lamulo la Obamacare la mu 2010 linkafuna kuti Medicaid ifikire akuluakulu ambiri, ngakhale opanda ana. Koma mu 2012 khoti lalikulu linagamula kuti chigawo chilichonse chidzisankhire chokha. Boma la ku Washington limalipira 90 peresenti ya ndalama za anthu owonjezerawa, chigawo n'kulipira 10 yokha. Komabe Texas, Florida ndi zigawo zina zikukanabe. Ku Texas, munthu wamkulu wosakwana zaka 65, wopanda ana komanso wopanda ulumali, sapatsidwa Medicaid ngakhale atasauka bwanji. Ndipo ngati amapeza ndalama zochepetsetsa, thandizo la boma logulira inshuwalansi nalonso silimufikira. Wotsuka mbale mu lesitilanti, matenda a shuga akamugwira, alowera kuti?

Chomwe chimandilimbitsa mtima ndi zomwe anachita anthu wamba ku Missouri ndi Oklahoma. Andale atakana, iwo anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa masiginecha, nkhaniyi inakafika pa voti mu 2020, ndipo anapambana. South Dakota inachitanso chimodzimodzi mu 2022, pomwe ku North Carolina aphungu eni ake anavomera mu 2023.