Kumilu ya mchenga ya Indiana, kumene Henry Cowles ankawerengera zomera

Sitima ya South Shore imanyamukira pa Millennium Station, pansi pa nthaka pakatikati pa mzinda wa Chicago ku United States. Musanaone nkhalango iliyonse mumayamba mwadutsa ku Gary: machumuni, njanji zopingasana, mafakitale osungunula zitsulo atandandalika m'mbali mwa nyanja ya Michigan. Munthu umafika pokayika ngati wakwera sitima yoyenera. Ine ndinatsikira pa Dune Park, n'kutsata kanjira ka Calumet kolowera kumadzulo, kunsi kwa mawaya a magetsi, mpaka pamsewu wa Mineral Springs pomwe pamayambira njira ya ku Cowles Bog. Kanjirako kanali zithaphwi zokhazokha, moti ndinafika nsapato zili chonyowa ulendo weniweni usanayambe n'komwe.

Dambo limeneli analitcha dzina la Henry Chandler Cowles, amene anabadwa mu 1869 ku Kensington, m'chigawo cha Connecticut. Iyeyu anapita ku University of Chicago kukaphunzira za miyala ndi kapangidwe ka nthaka, kenako anasintha n'kuyamba za zomera kwa mphunzitsi John Merle Coulter. Koma maso a munthu wa za miyala sanamuchoke, maso oona kuti phiri ndi chigwa zili paulendo ngakhale zikuoneka ngati zangokhala. Nthawi imeneyo ntchito yaikulu ya akatswiri a zomera inali kutola masamba, kuwaumitsa pakati pa mapepala ndi kuwapatsa mayina. Cowles ankafuna kudziwa zina: chomera ichi chamereranji pano osati apo, chisanabwere panali chiyani, nanga chikadzachoka padzabwera chiyani? Atamva kuti Eugenius Warming wa ku Denmark walemba buku la nkhani zotere mu 1895, anaphunzira chilankhulo cha kumeneko kuti aliwerenge yekha.

Anafika kumilu ya mchengayi koyamba mu 1896, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1899 m'magazini ya Botanical Gazette.

Kuti mumvetse zimene anaona, ndi bwino kuyenda ndi miyendo yanu. Njira ya ku Cowles Bog imayambira kumtunda kupita kunyanja, ndiye mumayamba ndi malo akale n'kumapita kumalo atsopano. Mukadutsa dambolo mumalowa m'nkhalango ya mitengo ya black oak, pansi pali dothi lakuda ndi masamba owola. Mukamapitirira dothi limayamba kuyera, mitengo imatalikirana, n'kuyamba kuoneka mapaini. Kenako pamabwera chitunda choti mukwera sitepe imodzi, mchenga n'kukubwezani theka. Mukangofika pamwamba, nyanja iyo! Yopanda tsidya, ndipo kutsogolo kwanu kuli udzu wokhawokha ndi mchenga woyera.

Ndinakhalitsa pa udzuwo. Amautcha marram, ndipo poyang'ana ndi wachabechabe: wowuma, wobaya, womera patalipatali. Koma pamalo ena pamene mphepo inakokolola mchenga ndinaona zimene zili pansi. Timitsitsi tolimba ngati waya tinali titayala paliponse, kulumikiza tsinde ili ndi linzake, m'magawo angapo, gawo lina pamwamba pa linzake. Mphepo ikaukwirira udzuwu, iwo m'malo mofa umaphukira pamwamba, ndipo ukatero umagwira mchenga winanso. Mulu umakula chonchi. Ukakhazikika, mitengo ya cottonwood imamera, ndipo nayonso ikakwiririka imatulutsa mizu yatsopano pathunthu pake. Masamba akamagwa ndi kuwola, mthunzi ndi chinyezi zimachuluka, mapaini amalowa, pambuyo pake ma oak. Udzu uja umatha, chifukwa malo amene wakonza sakuuyeneranso.

Nzeru ya Cowles inali pamenepa. Munthu sangakhale zaka mazanamazana kudikira kuti aone mchenga ukusanduka nkhalango. Koma popeza nyanjayi yakhala ikubwerera m'mbuyo kuchokera pamene madzi oundana a makedzana anasungunuka, milu yakutali ndi madzi ndi yakale kuposa yapafupi. Choncho mtunda umene mwayenda ukukuuzani zaka. Aliyense amene anaonapo munda wosiyidwa tsala, chisoso chikuyamba, kenako tsekera, kenako zitsamba mpaka mitengo, akudziwa kale kuti zomera zimalowana m'malo. Cowles anasonyeza chimene chimachititsa zimenezi, ndi mmene mungazitsatire pamalo enieni.

Chimene chimandisangalatsa mwa iye n'chakuti sanaikongoletse nkhaniyi mopitirira. Mnzake wa nthawi yomweyo, Frederic Clements wa ku Nebraska, ankaphunzitsa kuti zomera za dera lililonse zimalunjika kumapeto amodzi okhazikika. Cowles ankaona kuti mapetowo nawonso amasuntha. Mphepo ikang'amba mulu umodzi, mchenga umakwirira nkhalango yonse, zinthu n'kuyambiranso. Mu 1958 wofufuza wina, Jerry Olson, atayeza zaka za miluyi, anapeza kuti nkhalango za black oak zikhoza kukhala choncho kwa nthawi yaitali kwambiri osasanduka mtundu wina. Ine ndimaona kuti mchengawo uli kumbali ya Cowles.

Sanalembe zambiri, mphamvu zake zinathera pa ophunzira, amene ankawatenga pasitima kubwera nawo konkuno. Ena mwa iwo, monga Victor Shelford ndi William Cooper, anadzakhala akuluakulu pa sayansi imeneyi ya ecology, yoona mmene zamoyo zimakhalira ndi malo ake. Mu 1913 anayendetsa kuno akatswiri ochokera ku Ulaya, kuphatikizapo Arthur Tansley wa ku Britain, ndipo mu 1915 anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Ecological Society of America.

Mukaima pagombe n'kutembenukira kumanzere, fakitale ya zitsulo ya ku Burns Harbor ili pompo, utsi uli tolotolo. Cowles anaona ngoziyi ikubwera. Mu 1916 anakalankhula pamsonkhano wa ku Chicago umene Stephen Mather, yemwe ankatsogolera ntchito ya mapaki a boma la United States, anaitanitsa pofuna kuti malowa atetezedwe ndi boma, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaiwalitsa zonse. M'zaka zomwezo mulu waukulu wa Hoosier Slide ku Michigan City unkanyamulidwa pa sitima kukapanga magalasi mpaka unatheratu. Chigawo cha Indiana chinakhazikitsa paki yake mu 1925. Cowles anamwalira mu 1939, ndipo boma lalikulu la United States linadzateteza gombeli mu 1966, Dorothy Buell, mtsogoleri wa gulu loteteza miluyi, ndi phungu Paul Douglas atalimbikira kwa zaka zambiri. Ngakhale pamenepo panali kugawana: doko ndi mafakitale zinatenga gawo lawo, n'chifukwa chake pakiyi ndi ya zigamba zigamba. Mu 2019 inakhala Indiana Dunes National Park, ndipo muli mitundu ya zomera yoposa 1,100.

Mukafuna kupitako, valani thalauza lalitali chifukwa cha nkhupakupa ndi udzudzu wa kudambo, nyamulani madzi okwanira popeza m'njiramo mulibe pogula, ndipo onani nthawi ya sitima yobwerera musanatsikire kugombe. Chitunda chija chimawawa kwambiri pobwerera.