Kachitsulo ka mwayi ka alandilodi

Njinga yanga ya kabaza ndi zija za ku China zimene injini yake anangotengera ya Honda CG125. Yandidyetsa, sindikana, koma chaka chino klatchi inayamba kuterera. Ukakweza kasitomala wathupi ndi thumba lake la chimanga, pamtunda injini imangobangula koma njinga osayenda, anzathu a njinga zakapalasa n'kumakupitirira akukupatsa moni.

Makaniko wa pasiteji pathu atatchula mtengo ndinatsokomola. Kunyumba ndinapeza alamu anga, amene anakhalako ku Joni. Iwo amati ankagwira ntchito mugalaja. Mlongo wawo, mayi a kunyumba, amati ankatsuka magalimoto pafupi ndi galaja.

"Alamu, ndalama yonseyo mukufuna kutaya? Klatchi ndi mapuleti basi. Gulani mapuleti, gasiketi ndi oyilo, zotsalazo ndisiyireni."

Ndinakagula zonse m'mashopu a kwa Malangalanga mu Lilongwe muno, Loweruka m'mawa tinayala thumba pabwalo. Tinakhetsa oyilo, tinachotsa kiki, tinamasula chivundikiro cha injini cha kumanja. Tinapeza nati ina ya mano imene imafuna sipanala yakeyake, alamu anaiyankha ndi chizulo ndi hamala. Mapuleti akale anatuluka atapsa, akununkha. Atsopano analowa bwinobwino, la khungu, la chitsulo, la khungu, la chitsulo, mpaka onse 9. Chapatali pansi pa mtengo wa mango alandilodi ankasewera bawo ndi mnzawo, nthawi zina n'kumabwera kudzationa manja ali kumbuyo. Ndinkawazemba maso chifukwa nkhani ya lendi inali isanathe.

Titatseka, ndinagwira liva ya klatchi. Inali yofewa moti chala chimodzi chinkakwana.

"Alamu, sikufewetsa kumeneku?"

"Ndiye klatchi yatsopano imeneyo. Munazolowera kuvutika inu. Lizani."

Ndinaliza, inalira mokoma pa nyutulo. Alamu anati ndiipatse moto pang'ono kuti oyilo azungulire. Ndinaipatsa moto, ndinakoka liva mpaka kuchigwiriro, ndinaponda giya wani.

Gwa!

Njinga sinadikire kuti ndisiye liva. Inadumpha tayala lakutsogolo lili m'mwamba, ine miyendo ili pambali, liva ndili chigwirire, ndikuifinya ngati ikumva. Tinadutsa pachingwe choyanikapo zovala, ndinatuluka nditavala chitenje kumaso, kenako tinakaima mubenchi la tomato la akazi awo a alandilodi. Injini inazima yokha. Tomato anagubuduzika mpaka kumsewu, nkhuku za pamalopo zinachita Khrisimasi.

Mayiwo sanakalipe. Anangotenga kope n'kuyamba kuwerenga milu.

Anthu anadzaza, ndipo pa Lilongwe pano munthu aliyense ndi makaniko bola njinga ikhale ya wina. Wina anati kebulo yalekerera. Zoona, liva imayenera kusewera pang'ono chabe, mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake, ikapitirira pamenepo mapuleti satakasuka. Tinakunga kebulo kumtunda, tinakunga kumunsi mpaka mazinga anatha. Injini ili chizimire ndinalowetsa giya, kukoka liva, anyamata n'kukankha. Tayala lakumbuyo linangokhwekhwereza fumbi.

Mdala wina wogulitsa makala anafunsa ngati mapuletiwo tinawaviika mu oyilo tisanawaike. Alamu anayang'ana kumwamba. Mapuleti a njinga zimenezi amakhala mu oyilo moyo wawo wonse, ukawaika ouma amatha kumatirirana. Tinatsegulanso. Chowaviikiramo chinasowa, ndiye alamu analowa kukhitchini n'kutuluka ndi mbale ya ndiwo, ija ya maluwa imene imatuluka kukabwera abusa. Wina anati mapuleti a chitsulo akhoza kukhala opindika, tiwayese pagalasi. Alamu analowanso n'kutuluka ndi kalilole wa kuchipinda. Mapuleti anagona pagalasipo mosagwedera, kalilole ndi amene anang'aluka. Winanso anati tione mano a chibasiketi chimene mumakhala mapuleti, akadyeka timizere mapuleti amakodwa. Tinapala ndi fayilo timizere timene mwina panalibe. Gasiketi inang'ambika, tinadula ina pakatoni ya sopo.

Malangizo onsewo anali abwino, ndikunena pano. Makaniko aliyense angakuuzeni zomwezo. Koma titatseka, liva inali yofewa chimodzimodzi, tayala likukhwekhwerezabe.

Mayi a kunyumba anafika kuchokera kumsika. Anaona mbale, anaona kalilole, anaona chitenje chawo chili ndi oyilo.

"Bambo a mwana, njingayi mukuikonza kapena mukusamutsa nyumba?"

"Mlongo wanga, za injini simungazimve," anatero alamu.

"Achimwene, inu khalani chete. Zanu za ku Joni ndikazinena pano anthuwa sachoka."

Azakhali ena oyandikana nafe anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti njinga yodumpha yokha si ya kwa makaniko, alipo munthu pasiteji amene sakondwa nane. Ndinatsala pang'ono kuvomera, mayina awiri anali atabwera kale m'mutu.

Dzuwa litapendeka ndinamuimbira makaniko uja. Anabwera ndi kachikwama kake, sanafunse chilichonse. Anagwada, anagwira kamkono kamene kebulo imakoka pachivundikiro cha injini, n'kukazunguza ndi chala. Kanangoyenda popanda chokaletsa.

"Akulu, kapini mwakaika?"

"Kapini kati?"

Anatsegula n'kundilozera kabowo pakati pa beringi ya klatchi. Mmenemo mumakhala kachitsulo kakafupi, kosaposa mfundo ya chala. Ukakoka liva, kebulo imakoka kamkono, kamkono kamakankha kachitsuloko, ndipo iko ndi kamene kamapanikiza masipuling'i kuti mapuleti alekane. Popanda iko liva imangokoka mphepo, injini ndi tayala zimakhala zogwirana mpaka kalekale.

"Ku Joni timakachotsa dala," anatero alamu chapansipansi. Palibe anawayankha.

Tinakutumula thumba, tinasesa bwalo, ana tinawalonjeza mandasi. Ndinapisa dzanja mu oyilo wakale mpaka m'chigongono. Mwana wanga wamng'ono ndi amene anandikoka buluku.

"Adadi, kachitsulo kowala kaja? Ali nako agogo."

Pansi pa mango bawo inali itafika pokoma. M'kabowo kena, pakati pa miyala, munali kachitsulo kanga, kopukutidwa bwino. Alandilodi mwala wawo umodzi unasowa kalekale, ndipo bawo yopanda miyala 64 siseweredwa, ndiye pamene ankationa m'mawa muja anatola kachitsuloko pansi poganiza kuti ndi zotaya.

Ndinavula chipewa, ndinanjuta.

"Bambo, pepani, kachitsulo ako ndi ka njinga."

"Dikira mwana wanga, ndikutakata." Anatola miyala, kachitsulo kanga kali momwemo, n'kuyamba kugawa bowo ndi bowo. Anadya mnzawoyo mzere wonse. "Waona? Mkuluyu wakhala akundidya kuyambira nthawi ya Bingu. Lero chilowereni kachitsuloka sanandigwireko. Ndi ka mwayi aka."

"Ndikupezerani mwala wabwino, bambo."

"Mwala ndili nawo wambiri kumunda. Iwe uli ndi ngongole ya lendi, mayi ako akuti pali milu ya tomato, komanso mwendo wa benchi. Kameneka kakhale pinyolo."

Makaniko anaseka mpaka anakhala pansi. Anati kapini kotero kamapezeka m'tauni motchipa, koma mashopu atseka, ndipo mawa ndi Lamulungu. Mtengo wake wa ntchito unakweranso chifukwa cha kubwera kunyumba, gasiketi yeniyeni ndi nati imene alamu anaisema ija.

Lolemba m'mawa ndinapita kukagula kachitsuloko nditakwera kabaza wa mnzanga wa pasiteji, mmodzi mwa awiri aja ndinkawaganizira za ufiti. Anandilipiritsa mtengo wonse, ndipo pamtunda paja anachita kuima kuti andionetse mmene klatchi yake imagwirira.