Mamilimita 4 kuseri kwa mphuno

Ndimagwira ntchito ya medical physics, yoyeza ndi kuyang'anira cheza chochizira odwala, pachipatala china ku Ulaya pomwe timawotcha khansa ndi ma ion a carbon, tizidutswa tating'onoting'ono tomwe makina amatithamangitsa n'kutilozetsa pachotupa. Lolemba ndinalawirira 6 koloko kukayeza cheza m'thanki ya madzi, yomwe imaimira thupi la munthu, odwala asanafike, ndipo zonse zinali bwino. Lachiwirinso chimodzimodzi.

Carbon sabowola thupi lonse ngati X-ray. Amalowa, n'kukakhuthula mphamvu zake zambiri pamalo pomwe waima, pamene timati Bragg peak. Ku Chiba, m'dziko la Japan, anayamba kuchiza chonchi mu 1994. Koma ubwino womwewu ndi umene umatisowetsa tulo. Zoyezera za kukamwa kwa makina zimawerenga mlingo wonse wotuluka, ndipo zikaona chachilendo zimadula cheza pompo, koma sizingatiuze kuti m'thupimo chakaima pati.

Apa timadalira PET, makamera ojambula cheza chochokera m'thupi. Ma ion akamawombana ndi minofu pamabadwa ma atomu otulutsa cheza: carbon-11, yemwe theka lake limatha pa mphindi 20, ndi oxygen-15, wa mphindi 2 zokha. Makamera amatola zizindikiro zawo wodwala ali chigonere pabedi.

Lachitatu tinali ndi bambo wina wa chotupa cha pansi pa chigaza, moyandikana ndi tsinde la ubongo. Chithunzi cha PET chinaonetsa kuti cheza chikupitirira ndi mamilimita 4 poyerekeza ndi tsiku loyamba. Ndinawerengera kawiri, mtima uli m'mwamba, kenako ndinaitana adokotala. Titawafunsa mmene akumvera, bambowo anayankha mosangalala kuti chimfine chija chatha, tsopano akupuma bwino. Yankho linali lomwelo. Tsiku lomwe tinawajambula CT, chithunzi cha m'kati mwa mutu chokonzera pulani ya chithandizo, mphako za kuseri kwa mphuno zinali zodzaza mamina. Tsopano munatsala mpweya wokhawokha, ndipo mpweya suchedwetsa ma ion ngati madzi.

Lachinayi lonse linathera pa CT yatsopano, pulani yatsopano ndi kuiyeza m'madzi mpaka usiku. Mnzanga wina amadandaula kuti PET imachedwa, komanso magazi amakokolola zizindikiro zija. Iye akufuna njira yoyeza prompt gamma, chizindikiro chomwe chimatuluka nthawi yomweyo cheza chikagunda minofu. Sakunama, nanenso ndikuifuna. Komabe sabata ino PET ndi imene yatichenjeza.

Lachisanu masana bambowo anagonanso pabedi, chigoba chawo chogwira mutu kuti usasunthe chili kumaso. Ndinakhala pakompyuta osaphethira mpaka mzere woonetsa pomwe cheza chaima tsikulo unagwera ndendende pamzere wa pulani. Potuluka ndinawapempha kuti chimfine chikangoyambiranso, atiuze asanalowe m'chipindamo.